Eriyo ya metamaterial

Eriyo ya metamaterial ndi mtundu wa eriyo yopangidwa ndi tizitsulo ting'onoting'ono toyalidwa m'mizere, tomwe timakhotetsa mafunde a wailesi m'njira imene zinthu zachilengedwe sizingathe. Victor Veselago wa ku Soviet Union analemba za zinthu zoterezi mu 1967, ndipo gulu la David R. Smith linazipanga ku San Diego mu 2000.

Pa netiweki ya 5G, mafunde a 28 GHz safika patali, choncho eriyo imayenera kuwalunjikitsa kumene kuli foni. Eriyoyi imachita zimenezi ndi magetsi, osatembenuka. Vuto ndi loti mafunde akalozetsedwa kwambiri cham'mbali amachepa mphamvu. Pofuna kuthana nalo, akatswiri amasintha kapangidwe ka tizitsuloto komanso mpata wapakati pake.