Basiketibolo mu Likulu la Lilongwe

Pamene boma linasamutsa likulu kuchoka ku Zomba kudza ku Lilongwe m'chaka cha 1975, nyumba za akuluakulu zikumera ku Area 10, basiketibolo inali chabe masewera a ophunzira, amene ankaitaya akangolandira digiri ndi kumanga tayi ya ku Capital Hill. Koma African Bible College, yotsegulidwa mu 1991 ku Area 47, inadzamanga bwalo lofolera. Ndipo Griffin Kalua atakhazikitsa timu ya Bravehearts mu 2015, mpirawo unayamba kulipirira achinyamata fizi. Papsa tonola sudziwa mtima wa moto: wosewera wa lero, podziwa kuti mawondo amatha msanga ndiponso kuti ligi yathu siidyetsa banja, amagwiritsitsa mabuku akali pabwalo, ena nakonzekera zodzakhala aphunzitsi a matimu.