Mafunso ndi Mayankho: Kodi Chikondwerero cha Carnaval ku Netherlands Chinayamba Bwanji?

FUNSO: Akonzi, ndikuchita maphunziro mumzinda wa Eindhoven. Mwezi wa February, kunja kukuzizira koopsa, ndinangoona mzinda wonse wasanduka. Akuluakulu ndi ana omwe anavala zovala zodabwitsa, mathirakitala ankakoka zidole zitalizitali mumsewu, ndipo ngakhale dzina la mzinda analisintha. Mnzanga wa ku Amsterdam akuti kwawo zoterezi kulibe. Kodi mwambowu unachokera kuti?

YANKHO: Zimene munaonazo, wowerenga wathu, zimatchedwa Carnaval, ndipo gwero lake ndi nyengo ya Lenti. Akatolika kwathu kuno amalidziwa bwino Lachitatu la Phulusa, tsiku loyamba la masiku 40 osala chakudya pokonzekera Pasaka. Kale ku Ulaya kusalaku kunali kokhwima. Nyama inkaletsedwa, ndipo m'madera ambiri mazira ndi za mkaka zinkaletsedwanso. Choncho Lenti ikayandikira, anthu ankadyeratu ndi kumweratu zonse zimene sadzazilawa mpaka Pasaka. Mpaka lero masiku enieni a Carnaval ndi atatu aja otsogozana ndi Lachitatu la Phulusa: Lamulungu, Lolemba ndi Lachiwiri, ngakhale kuti ambiri amayamba Lachisanu kapena Loweruka. Popeza tsiku la Pasaka limayendera mwezi wakumwamba, Carnaval nayo imasunthasuntha pakati pa kumayambiriro kwa February ndi kumayambiriro kwa March.

Umboni woti mwambowu ndi wakale uli pa chithunzi chimene Pieter Bruegel anajambula mu 1559, chomwe chimasungidwa ku Vienna. Pachithunzipo pali bambo wonenepa atakwera pamgolo wa mowa, m'manja muli chitsulo chowotchera nyama, ndipo akulimbana ndi mayi wowonda amene wanyamula nsomba ziwiri basi. Kumbali ya bamboyo kuli nyumba yomwera mowa, kumbali ya mayiyo kuli tchalitchi.

Mnzanu wa ku Amsterdam sanakunamizeni. M'zaka za m'ma 1500 kumpoto kwa dzikolo kunalowa chiphunzitso cha John Calvin, ndipo mpingo wa Reformed unakhala mpingo wokondedwa ndi boma. (Mpingo umenewu ndiwo kholo la Dutch Reformed Church, yomwe inafika ku Mvera mu 1889 kuchokera ku South Africa.) Atsogoleri ake ankadana ndi maphwando a Chikatolika, ndipo Carnaval inazilala. Kumwera kwa mitsinje ikuluikulu ya Maas ndi Waal anthu ambiri anakhalabe Akatolika, koma nawo anagwa m'manja mwa akumpoto. Mzinda wa Den Bosch unalandidwa mu 1629, ndipo kwa zaka zoposa 150 Akatolika a m'chigawo chakumwera cha Brabant sankaloledwa kupemphera poyera kapena kukhala pa maudindo a boma. Ena ankachita Misa m'matchalitchi omangidwa ngati nkhokwe kuti asaonekere. N'chifukwa chake ine ndimaona kuti munthu wa ku Brabant kapena ku Limburg akavala mpango wa mitundu ya mzinda wake, pamakhala zambiri kuposa kufuna mowa. Amakhala akuuza dziko lonse kuti iye ndi wakumwera, ndipo sachita nazo manyazi.

Carnaval ya masiku ano, yokhala ndi makomiti ndi mdipiti wa mumsewu, inabadwa m'zaka za m'ma 1800 potengera mzinda wa Köln ku Germany, umene unakonza mdipiti wake woyamba wa mtunduwu mu 1823. Ku Maastricht kunakhazikitsidwa gulu la Momus mu 1839, ku Venlo la Jocus mu 1842. Ku Den Bosch gulu la Oeteldonksche Club linayamba mu 1882, pa nthawi imene akuluakulu ena a mzinda ndi a mpingo ankafuna kuthetsa chikondwererocho chifukwa cha uchidakwa. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, mwambowu unafalikira mpaka m'timidzi ting'onoting'ono.

FUNSO: Nanga kusintha dzina la mzinda n'kwa chiyani?

YANKHO: Kwa masiku atatuwo mzinda umakhala ndi boma lina. Meya amapereka kiyi wa mzinda kwa munthu amene wasankhidwa kukhala Prins Carnaval, ndipo iye amalamulira ndi nduna zake 11. Nambala 11 amaitenga kuti ndi ya zitsiru, n'chifukwa chake nyengo yokonzekera imatsegulidwa pa 11 November, nthawi ya 11:11. Boma latsopano, dzinanso latsopano. Eindhoven wanuyo amakhala Lampegat, pokumbukira mababu a magetsi a kampani ya Philips yomwe inayamba kumeneko mu 1891. Den Bosch amakhala Oeteldonk, ndipo chizindikiro chake ndi chule. Breda amakhala Kielegat, Tilburg amakhala Kruikenstad.

FUNSO: Zidole zija amazipanga ndani?

YANKHO: Apa m'pamene pali mtima wa nkhani yonse, ndipo alendo ambiri amapadumpha. Zidolezo sizigulidwa kufakitale. Amazipanga ndi anthu wamba a m'deralo: alimi, owotcherera zitsulo, aphunzitsi, ana asukulu. Amakumana madzulo akaweruka kuntchito, m'mashedi ozizira, kwa miyezi ingapo. Amayamba ndi mafupa a zitsulo, n'kukutira ndi waya wa nkhuku, kenako mapepala oviika m'guluu, n'kumaliza ndi penti. Zina zimatembenuza mutu, kuphethira ndi kukweza manja. Ndalama amasonkha okha kapena kupempha kwa eni mabizinesi a m'mudzimo. Pamapeto pake oweruza amapereka mphoto, ndipo mpikisano wa magulu oyandikana umakhala wa mtima bii. Mphepo yamkuntho ikawomba pa tsikulo, mdipiti umalephereka kapena kuimitsidwa kaye, thukuta la miyezi yonse ija lili m'shedi.

Zambiri mwa zidolezi zimanyoza akuluakulu: nduna yaikulu, meya, khonsolo imene yakweza misonkho kapena yalephera kumaliza msewu. Mawu ake amalembedwa m'chiyankhulo cha m'deralo, moti ngakhale munthu wa ku Amsterdam ena samawamva. Mukadzapitanso, mudzaime pafupi ndi munthu wachikulire ndi kumufunsa kuti akunenedwa ndani. Kunyozaku nthawi zina kumapyola malire, makamaka anthu akavala mosereula mitundu ina ya anthu, ndipo Mmalawi akakhumudwa nazo sanalakwe. Ku Aalst, m'dziko loyandikana nalo la Belgium, Carnaval inachotsedwa pa mndandanda wa UNESCO mu 2019 chifukwa cha zidole zonyoza Ayuda.

FUNSO: Kodi tingati Carnaval ndi Gule Wamkulu wa azungu?

YANKHO: Ayi. Gule Wamkulu ndi mwambo wa mizimu, uli ndi dambwe, zinsinsi ndi malamulo ake, ndipo wosameta amaonera patali. Ku Carnaval aliyense amaloledwa, ndipo amene amaoneka wachilendo ndi amene wabwera osavala chilichonse chapadera. Ku Brabant ndi kokwanira kuvala malaya abuluu a mlimi ndi mpango. Ku Limburg, kumene amautcha mwambowu Vastelaovend, amakonda kupenta nkhope ndi kusoka zovala zapamwamba, mitundu yake yofiira, yachikasu ndi yobiriwira, ndipo timagulu ta malipenga timayendayenda m'misewu usana ndi usiku.

Chodabwitsa n'chakuti ansembe ambiri amene anatumikira kuno anali ochokera ku Netherlands, kuphatikizapo arkiepiskopi woyamba wa Blantyre, John Baptist Theunissen. Lenti anatiphunzitsa, koma Carnaval anaisiya kwawo.

Lachiwiri pakati pausiku zonse za Carnaval zimatha. Ku Maastricht amatsitsa chidole cha mayi wogulitsa ndiwo zamasamba, Mooswief, chomwe chimapachikidwa pabwalo la Vrijthof kuyambira Lamulungu, ndipo ku Den Bosch amaika m'manda chidole cha mlimi Knillis. M'mawa mwake ena amapita kutchalitchi kukalandira phulusa, ndipo ambiri amakakumana kumalo omwera kukadya nsomba ya hering'i. Ngati kuzizira kwa February kunakugonjetsani, mwezi wa July ku Rotterdam kumachitika Zomercarnaval, koma imeneyo mbiri yake ndi ina: inabwera ndi anthu ochokera kuzilumba za Caribbean monga Curaçao ndi Aruba m'zaka za m'ma 1980.