Kafukufuku wochitidwa ndi eni vuto

Kafukufuku wochitidwa ndi eni vuto ndi njira yofufuzira imene anthu okhudzidwa ndi nkhani amasankha okha mafunso, kusonkhanitsa mayankho, kuwasanthula ndi kugwirizana chochita. Wophunzira wochokera ku yunivesite amangokhala mthandizi. Njirayi inakula m'zaka za m'ma 1970, makamaka chifukwa cha ntchito ya Orlando Fals Borda pakati pa alimi a ku Colombia komanso maganizo a Paulo Freire wa ku Brazil. Nthawi yomweyo Marja-Liisa Swantz ankaigwiritsa ntchito m'midzi ya ku Tanzania.

Pa nkhani yomanga mtendere, chitsanzo chomveka ndi cha atsikana a ku Sierra Leone, Liberia ndi kumpoto kwa Uganda. Nkhondo ya ku Sierra Leone inatha mu 2002, ya ku Liberia mu 2003, ndipo ku Uganda gulu la zigawenga la LRA la Joseph Kony linasaina pangano losiya kumenyana mu 2006. Atsikana ambiri amene anagwidwa ndi zigawenga anabwerera kwawo ali ndi mwana kumbuyo. Ndondomeko zolanda zida nthawi zambiri zinkayamba ndi funso loti mfuti yako ili kuti, choncho amene ankaphika, kusenza katundu kapena kukwatiwa mokakamizidwa kutchire analibe chopereka, ndipo thandizo linkawadumpha. Kumudzi nakonso sikunali kofewa. Mtsikana akafika pachitsime, macheza ankazilala, mwana wake akutchedwa wa chigawenga.

Kuyambira mu 2006 mpaka 2009, atsikana 658 okhala ndi ana, m'madera 20 a mayiko atatuwa, anachita okha kafukufuku wa moyo wawo mothandizidwa ndi ofufuza Susan McKay, Angela Veale, Miranda Worthen ndi Michael Wessells, pamodzi ndi mabungwe a kumeneko. Si onse amene anali kutchire: anaphatikizamo dala anzawo ena ovutika a m'mudzi, kuti gululo lisaoneke ngati la okonderedwa. Ankakumana kawirikawiri n'kumafunsana kuti kulandiridwa m'mudzi n'kutani kwenikweni. Mayankho awo anali a tsiku ndi tsiku: mwana adye, apite kusukulu, mayi ake apatsidwe moni ndi ulemu. Zimene apeza ankazionetsa m'masewero pamaso pa makolo ndi mafumu, ndipo amayi achikulire olemekezeka anasankhidwa kukhala alangizi awo. Kenaka magulu anayamba ulimi wa pamodzi, kuweta mbuzi, kupanga sopo ndi timabizinezi. Munthu amene dzulo ankamunena mtsikana, lero anafika kudzamugula sopo.

Njirayi ili ndi minga yake. Imadya nthawi, pomwe opereka ndalama amafuna malipoti msanga. Kufunsa za nkhondo kumatha kutsegula mabala, kapena kuika wofunsayo pangozi ngati wolakwira akadali m'mudzi momwemo. Chovuta kwambiri, kunena zoona, ndi akuluakulu a mabungwe kuugwira mtima osalamula, chifukwa akangoyamba kusankhira achinyamata chochita, kafukufukuyo wasiya kukhala wa eni ake.

Ganizo loti achinyamata azitenga mbali pomanga mtendere linafikanso patali. Mu December 2015, nthambi yoona za chitetezo ya bungwe la United Nations inavomereza chigamulo nambala 2250, choyamba kunena za achinyamata a zaka 18 mpaka 29 ngati omanga mtendere. Lipoti lotsatira chigamulochi, lotchedwa The Missing Peace, linatuluka mu 2018 atamva maganizo a achinyamata oposa 4,000.