Kalaliki wa Chombo Chosweka: Zimene Hamel Adaona ku Korea

M'mwezi wa Ogasiti 1653, chombo cha kampani ya malonda ya Adatchi chotchedwa De Sperwer chidasweka ndi namondwe pachilumba cha Jeju, kumwera kwa Korea, chili paulendo wochoka ku Formosa kunka ku Nagasaki. Mwa anthu 64, adapulumuka 36 okha. Mmodzi mwa iwo adali Hendrick Hamel, kalaliki wosunga mabuku a m'chombomo.

Ankati apuma pang'ono n'kupitiriza ulendo. Koma ayi ndithu. Akuluakulu a boma adawabweretsera womasulira wa ndevu zofiira, Jan Janszoon Weltevree, Mdatchi mnzawo amene adakodwa m'dzikomo mu 1627. Mkuluyu adali atapatsidwa dzina loti Pak Yon, ndipo chinenero chakwawo chidali chitayamba kumuthawa. Uthenga wake udali wachidule: mlendo akalowa muno satulukanso.

Mu 1654 adawatengera ku Seoul, komwe Mfumu Hyojong idawalemba usilikali. Anthu ankakhamukira kudzawaona, poti mbiri idali itawanda yoti azunguwo akamamwa madzi amayamba akoleka mphuno kukhutu. Awiri mwa iwo atayesa kudandaula kwa kazembe wa Amanchu mu 1655, zinthu zidavuta. Awiriwo adafera m'ndende, otsalawo n'kupirikitsidwira kuchigawo cha Jeolla, komwe adazula udzu, kutola nkhuni ndi kupemphetsa. Mu Seputembala 1666, anthu 8, kuphatikizapo Hamel, adazemba pa bwato mpaka ku Japan. Zaka 13 zidali zitapita.

Nanga adalembanji? Adafotokoza za nyumba zomwe amasonkha moto kunsi kwake kuti pansi pazifunda m'nyengo yozizira. Adanena za ana a anthu olemekezeka owerenga usana ndi usiku pofuna kudzakhoza mayeso a ntchito za boma, za mwana wolira bambo wake zaka 3, komanso za fodya amene ngakhale tiana tinkasuta. Adaona kuti ali ndi kalembedwe kophweka komwe amayi ndi anthu wamba ankagwiritsa ntchito. Sadabise nkhanza za zilango zawo, koma sadaiwalenso amonke a Chibuda amene ankawalandira mokoma mtima.

Pali chiganizo china chowawa: adati Akorea ngokonda kuba, kunama ndi kunyenga. Apa, awerengi, tidekhe. Wolemba mawuwa adali wandende, wodyera m'manja mwa abwanamkubwa, ena abwino ena ankhanza. Ndiponso sadalembe pofuna kutchuka. Lidali lipoti lopita kwa mabwana ake, lomwe lidathandiza pofunsa malipiro a zaka zonse zija. Lipotilo litasindikizidwa ku Netherlands mu 1668, wosindikiza wina adathiramo tsabola, mpaka kuikamo ng'ona zomwe ku Korea kulibe. Bodzalo lidayenda m'mabuku a ku Ulaya kwa zaka zambiri.

Amene adabwera pambuyo adangonyambita gombe. Basil Hall wa ku Britain, yemwe adafika mu 1816 ndi zombo za Alceste ndi Lyra, adasimba za nduna yokalamba ya chipewa chachikulu, imene inkaloza pakhosi kusonyeza kuti idulidwa mutu alendowo akatsikira kumtunda. Uku sikudali kuipa mtima. Dzikoli lidali litapsa kale ndi nkhondo za Ajapani za 1592 ndi za Amanchu za 1627 ndi 1636, ndiye mlendo aliyense ankamuona ndi diso la mantha.

Akulu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. N'zoona, Hamel adaona zambiri zimene eni dziko ankangozipenya ngati zachizolowezi, ndipo kwa zaka pafupifupi 200 Ulaya adadziwa Korea kudzera mwa iye. Koma kalumo komweko kamachekanso. Tikamawerenga buku la mlendo lonena za mtundu wa anthu, tizifunsa kuti adalilemba ali pati, akufuna chiyani, ndipo lidadutsa m'manja mwa yani lisanatipeze.