Neba ndi neba: mbiri ya kusereulana kwa Maule ndi Manoma

Kusereulana kwa ochemerera matimu a Bullets (Maule) ndi Wanderers (Manoma) ndi mwambo womwe wakhazikika mu mzinda wa Blantyre kwa zaka zoposa makumi asanu. Phata lake ndi bwalo la Kamuzu ku Chichiri, pafupi ndi Chinyonga, ndipo anthu okhala m'derali amamva phokoso la chigoli ali m'makomo mwawo.

Wanderers ndiyo yayikulu pobadwa, popeza idakhazikitsidwa mu 1962. Mu 1967 osewera ena adachoka m'timuyi n'kukayambitsa yawo, yomwe idatchuka ndi dzina loti Bata Bullets itapeza thandizo ku kampani yopanga nsapato ya Bata. Apa ndiye padayambira nkhani yonse. Matimu awiriwa ndi a m'nyumba imodzi, ndipo mpaka lero a Manoma sachedwa kukumbutsa anzawo kuti mwana sangapose bambo wake. A Maule nawo amayankha kuti mwanayo adakula kalekale, zikho n'zimene zimachitira umboni.

Mbali iliyonse imatchula inzake kuti neba, osatchula dzina lenileni. Lolemba m'mawa, m'minibasi zochokera ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni kapena Zingwangwa, funso loti "Neba wadzuka bwanji?" silikhala moni wamba ayi, ndipo wogonjayo amadziwa tanthauzo lake. A Maule, ovala zofiira ndi zoyera, amadzitcha timu ya anthu. A Manoma, ovala zobuluu, amanyadira dzina loti Nyerere, kutanthauza unyinji wawo, komanso msewu wa Lali Lubani komwe kuli likulu lawo.

Mbadwo uliwonse udapeza chonena chake. M'zaka za m'ma 1970 mkangano udali pa osewera: a Bullets ankatama Kinnah Phiri womwetsa zigoli, a Wanderers n'kumaloza Jack Chamangwana wotchinga kumbuyo, ngakhale awiriwa ankasewera limodzi mu timu ya dziko ya Flames yomwe idatenga chikho cha kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978. Ligi ya Super itayamba mu 1986, Bullets ndiyo idayamba kuitenga, ndipo kuyambira 1999 mpaka 2005 sidailekerere kwa wina aliyense. Mu 2004, ikutchedwa Bakili Bullets chifukwa cha thandizo la Bakili Muluzi, idafika mu ndime ya m'magulu ya mpikisano wa CAF Champions League. Nyengo imeneyo Manoma adamva zowawa m'makutu. Koma thandizolo litatha, Bullets idalowa m'mavuto azachuma, osaonanso ligi mpaka 2014, ndipo kuseka kudatembenuka. Wanderers nayo idadikira ligi kuchokera 2006 mpaka 2017, zaka zomwe neba wake ankaziwerenga mokweza. Ngakhale kusinthasintha kwa mayina kudakhala nkhani yosekana, popeza Wanderers idakhalapo Yamaha, Limbe Leaf, MTL ndi Be Forward, malinga ndi yemwe ankapereka ndalama.

Nthabwala zamtunduwu sizidayambe ndi mpira. Pachikhalidwe cha Achewa ndi Amang'anja, asuweni ali ndi ufulu wonyozana popanda mlandu, ndipo mawu omwe angafikitse munthu kwa mfumu atanenedwa kwa mlendo amangosekedwa akanenedwa kwa msuweni. Ku Zambia kuli kusereulana kotchedwa chimbuya pakati pa Angoni ndi Abemba, omwe adamenyana nkhondo m'zaka za m'ma 1800: Abemba amaseka anthu a kum'mawa kuti ndi odya mbewa, iwo n'kubweza kuti Abemba amadya anyani, koma pamaliro amathandizana. Kutali uko, anthu a ku Australia amatcha Angerezi kuti Poms, ndipo kutonzana kwawo kumakula pa mpikisano wa kiriketi wa Ashes, womwe dzina lake lidachokera pa kugonja kwa England ku The Oval mu 1882. Konseku osereulanawo ndi anthu odziwana bwino, omwe ali ndi mbiri imodzi.

Ku Blantyre ubalewo ndi wapafupi kwambiri. M'banja limodzi mumapezeka bambo wa Noma ndi ana a Maule, ndipo omwe adatukwanana pabwalo Loweruka amakumana kutchalitchi, kumzikiti kapena pamaliro. Lamulo losalembedwa ndi loti chipongwe chithere pa timu, chisafike pa mayi wa munthu kapena pa umphawi wake, ndipo wosekedwa apirire podziwa kuti tsiku lake likubwera. Lamuloli lathyoledwapo kangapo, miyala n'kuuluka, apolisi n'kuponya utsi wokhetsa misozi, matimu n'kulipitsidwa chindapusa. Zoterezo ochemerera achikulire sazitcha chineba, amazitcha uchidakwa.

Masiku ano kusereulanaku kwafalikira pa wailesi, pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, kotero kuti Amalawi okhala ku Johannesburg amaseka neba mphindi yomweyo imene chigoli chalowa ku Chichiri.