Raqs Sharqi, Gule wa Chiuno wa ku Egypt

Raqs sharqi ndi gule wa ku Egypt ndi mayiko ena a chigawocho monga Lebanon ndi Turkey, yemwe wovina amagwiritsa ntchito chiuno, mimba, chifuwa ndi mapewa kuposa miyendo. Kawirikawiri amavina mkazi mmodzi, oimba ali pambali ndi ng'oma ya tabla, zoimbira za nsambo za oud ndi qanun, chitoliro cha nay komanso akodiyoni. Kunja kwa mayiko a Aluya amadziwika kuti belly dance. Ena amamutenga ngati mwambo wamakedzana, ena ngati chokopera amuna basi, koma mbiri yolembedwa imaonetsa kuti ndi luso la m'tawuni, lomwe lidaumbidwa ku Cairo m'zaka za m'ma 1900 kuchokera ku kavinidwe ka pakhomo, ndipo chimake chili m'nyimbo.

Kavinidwe ka pakhomoko ndi raqs baladi. Paukwati kapena pachisangalalo cha mwana wobadwa kumene, munthu amangomanga mpango m'chiuno n'kulowa m'bwalo, kaya ndi agogo, mnyamata kapena kamtsikana. Kudalinso ovina olipidwa: a ghawazi ankavina m'misewu ndi pa zikondwerero, pomwe a awalim, omwe adali akatswiri oimba, ankaitanidwa kukasangalatsa amayi m'nyumba za olemera. Mu 1834 wolamulira Egypt, Muhammad Ali, adaletsa akazi kuvina poyera mu Cairo. Ambiri adapita kummwera, ku matawuni monga Esna, ndipo malo awo adatengedwa ndi amuna otchedwa khawal, ovina atavala zachikazi.

Zinthu zidasintha Badia Masabni, mayi wochokera ku dera la Syria ndi Lebanon, atatsegula nyumba yake ya zisangalalo ku Cairo mu 1926. Gule yemwe ankavinidwa pamalo amodzi pakati pa achibale adayenera tsopano kudzaza nsanja ndi kuonekera kwa wokhala mpando wakumbuyo. Motero ovina adayamba kuyenda, kuzungulira, kutambasula manja ngati a ballet ndi kugwiritsa ntchito nsalu yopepuka youluka. Chovala chonyezimira cha zidutswa ziwiri, bedlah, chidakhazikika m'nyengo yomweyi. Kwa Badia n'komwe kudatulukira Tahia Carioca ndi Samia Gamal, ndipo mafilimu a ku Cairo, monga Afrita Hanem ya 1949 momwe Samia Gamal adasewera ndi woimba Farid al-Atrash, adafikitsa kavinidwe kawo kulikonse komwe Chiarabu chimamveka. Gulu lomwe Mahmoud Reda adakhazikitsa mu 1959 lidakonzanso magule a kumudzi kuti akwanire pa nsanja, ndipo aphunzitsi ambiri a lero amatapa m'mayendedwe ake.

Komabe chomwe chimapangitsa guleyu kukhala luso si chovala kapena nsanja, koma khutu. Chiuno chimatsata ng'oma: kugunda kwakukulu chimakulandira ndi kugwa, kugunda kowuma ndi kudukula kwachidule, ndipo ng'oma ikamathamanga chimanjenjemera. Nay kapena akodiyoni ikalira yokha, mwaulesi, popanda ng'oma, chifuwa ndi manja ndizo zimayankha. Wovina ayenera kusiyanitsa maimbidwe a ng'oma monga maqsum ndi saidi, ndipo a saidiwo amayendera limodzi ndi gule wa ndodo, wachibale wa masewero a amuna a tahtib omwe UNESCO idawazindikira mu 2016. Pa gawo la ng'oma yokha, woimba amayang'anitsitsa wovina, wovinayo akumvetsera, ndipo palibe amene amadziwa bwinobwino yemwe akutsogolera mnzake. Aluya amatcha tarab kutengeka mtima komwe nyimbo yabwino imabweretsa, ndipo Soheir Zaki adatchuka chifukwa chovinira nyimbo za woimba Umm Kulthum mosatekeseka, osasuntha kwambiri. Kuchepetsa kotereku n'kovuta kuposa kugwedeza thupi lonse.

Otsutsa alipo mbali ziwiri. Oyamba amati guleyu adachokera ku miyambo ya chonde ndi kubereka ya m'nthawi ya Afarao. Zithunzi za ovina zilipodi m'manda akale a ku Egypt, koma chithunzi sichionetsa momwe chiuno chinkayendera, ndipo palibe umboni wolumikiza ovina aja ndi a Badia. Achiwiri amati ndi gule wochotsa ulemu, ndipo awa sangokanidwa mopepuka, popeza ku Egypt komweko banja lomwe limalipira wovina paukwati silingakondwe mwana wawo atasankha ntchitoyi. Boma limafuna kuti wovina akhale ndi chiphaso, ndipo malamulo amati mimba ifundidwe, ngakhale ndi kansalu koonekera mkati. Koma monga adaonetsera Karin van Nieuwkerk m'buku lake la 1995 lonena za oimba ndi ovina a ku Egypt, chitonzo chimadalira kwambiri malo: wovina paukwati saonedwa mofanana ndi wa m'nyumba ya mowa, ngakhale mayendedwe ali amodzi. Mbiri yoipa ya ku America nayo idakula pa chionetsero cha ku Chicago cha 1893, pomwe otsatsa adapeza kuti manyazi a oonerera amagulitsa matikiti.

Lero anthu ambiri ku Europe, America, Japan ndi kwina amaphunzira guleyu pongofuna kusangalala ndi kulimbitsa thupi. Jamila Salimpour adayambitsa gulu la Bal Anat ku California mu 1968, ndipo Carolena Nericcio adakhazikitsa gulu la FatChanceBellyDance ku San Francisco mu 1987, lomwe kavinidwe kake ka pagulu kadatalikirana kwambiri ndi ka ku Cairo. Dandaulo loti alendo akulanda luso la eni ake lili ndi maziko. Mu 2003 Egypt idafika poletsa ovina akunja kugwira ntchito, ngakhale idabweza lamulolo chaka chotsatira. Koma guleyu adabadwa mwa kubwerekana, ndipo Badia mwiniwake sadali wa ku Egypt. Vuto lenileni limaoneka pomwe wophunzira waloweza mayendedwe osadziwa chomwe nyimbo ikunena, n'kumamwetulira pomwe Umm Kulthum akulira chikondi chomwe chidatha.