Kuteteza mapulaneti ku tizilombo tosaoneka ndi maso

Kuteteza mapulaneti ndi ndondomeko zimene mabungwe ofufuza zam'mlengalenga amatsata kuti zombo zawo zisanyamule tizilombo ta dziko lino kupita nato kwina, ndiponso kuti dothi ndi miyala yochokera kumeneko isadzetse vuto kuno. Maziko ake ali m'gawo 9 la pangano la mayiko la 1967 lokhudza ntchito zam'mlengalenga. Malangizo atsatanetsatane amachokera ku komiti ya asayansi ya COSPAR, yomwe inakhazikitsidwa mu 1958, ndipo imagawa maulendo m'magulu asanu malinga ndi kumene chombo chikupita.

Anthu ambiri akamva nkhaniyi amaganiza za mliri wochokera ku Mars. Koma chomwe chimawasowetsa tulo asayansi n'chakuti angadzinamize okha: kukapeza bakiteriya ku Mars, n'kulengeza kuti kuli zamoyo, chonsecho mlendoyo anachita kukwera chombo ku Florida. N'chifukwa chake zombo ziwiri za Viking, zomwe zinatera ku Mars mu 1976, anayamba aziika mu uvuni wotentha pafupifupi madigiri 112 kwa maola oposa 20. Zipangizo zambiri zamakono sizingapirire kutentha kotero, choncho zombo amazilumikizira m'zipinda zaukhondo kwadzaoneni, amisiri atavala zophimba thupi lonse, n'kumapukuta chitsulo chilichonse ndi mankhwala. Kunja kwa chombo chokatera ku Mars sikuyenera kupezeka timbewu ta mabakiteriya toposa 300,000. Komabe pali tizilombo tina tamakani. Bakiteriya wotchedwa Tersicoccus phoenicis anapezeka m'zipinda zoterezi ku Florida komanso ku Kourou, m'dziko la French Guiana.

Chombo chikatha ntchito nthawi zina amachiwononga dala. Chombo cha Galileo anachigwetsera mu Jupiter mu 2003, ndipo cha Cassini mu Saturn mu 2017, poopa kuti zingakagwere pa miyezi monga Europa ndi Enceladus, yomwe ili ndi nyanja pansi pa madzi oundana.

Za kuteteza dziko lino zinayesedwa pa ulendo wa Apollo 11 mu 1969. Neil Armstrong, Buzz Aldrin ndi Michael Collins anawabindikiritsa mpaka patakwana masiku 21 chichokereni kumwezi, ndipo fumbi limene anabwera nalo analiyesera pa mbewa, nsomba ngakhalenso mphemvu. Mpandawu unali ndi chiboo: chitseko cha chombo anachitsekula chikadali pa nyanja ya Pacific. Mwayi wake kumwezi sikunapezeke chamoyo, ndipo mbindikirowu unathetsedwa pambuyo pa Apollo 14.

Miyala imene galimoto ya Perseverance yakhala ikutolera ku Mars kuyambira 2021 ili m'gulu lokhwima kwambiri: ikadzabwera, idzatsekulidwira m'labotale yosatulutsa kanthu. Kusunga ukhondo wake ndiye ntchito. Magalamu 5.4 a dothi la thanthwe lam'mlengalenga la Ryugu anafika ku Australia mu 2020 ali otsekedwa bwinobwino, koma mu 2024 asayansi a ku London analengeza kuti kachidutswa kamene ankakapima kanamera tizilombo ta kuno komwe.